Mphongo Yomwe Ndinathena

Chigodola chitadutsa kwathu ku Mphamba, m'zaka za m'ma 1990, m'khola la adada munatsala nkhumba zitatu zokha: yaikazi imodzi ndi timphongo tiwili. Zinali zakuda, zazitali mphuno, mtundu womwe adada anausunga kuyambila ali mnyamata. Iwo anali atadwala miyendo, osatulukanso m'nyumba, ndiye khola linali m'manja mwanga.

Kwathu timasiya mphongo imodzi ya mbewu, zina timathena. Kusankha sikunandivute. Ina inali yonenepa, khosi lochita mapindi, mafuta omwe amalonda a ku Kasungu ankalimbilana. Inzake inali yowonda, yovuta, yongolumpha mpanda.

Mkazi wanga anandiletsa. “Bambo, yonenepayo yatengela tate wake. Mwaiwala? Tate wakeyo ankangogona, yaikazi n'kuswa tiana tiwili basi.”

“Iwe, za nkhumba wazidziwa liti?” ndinamukalipila. Kamwa langali! M'mawa mwake ndinanola mpeni, n'kuthena yowondayo, n'kuthila phulusa pabala.

Yonenepa ija ndinaidyetsa gaga ndi masese a mowa mpaka inkachita kunyezimila. Koma ntchito yake, ayi ndithu. Yaikazi ikaifuna, iyo inkangodzuka, kununkhiza, n'kukagonanso m'matope. Itakwela kamodzi ndinasangalala, koma patapita masabata atatu yaikazi inayambanso kulila ndi kuluma mitengo ya khola. Sinatenge bele. Zinatelo katatu konse. Mphongo ina ndikanaipeza kuti? Midzi yonse yozungulila makola anali pululu, ndipo kuyenda ndi nkhumba kunali koletsedwa.

Ndinapalasa njinga kukafunsa mlangizi wa ziweto. Anati, “Ichepetseleni chakudya, mwina. Koma nthawi zina kunenepa kotele ndi kufooka kwa mbewu zimayendela limodzi m'magazi. Ikatengela kwa makolo, simungaichotse ndi njala.” Ndinaimana gaga miyezi iwili. Inaphwa ndithu, nthiti kuoneka, koma bele osaoneka.

Chomwe chinkandiwawa kwambili n'chakuti yothena ija inkatsatabe yaikazi pena paliponse. Ndinkalephela kuiyang'ana.

Adada ankafunsa tsiku lililonse ndikawapititsila madzi osamba. “Yaswa kodi yaikazi ija?” Ine n'kumati, “Posachedwa, adada.” Tsiku lina mvula itayamba, manyazi atandikwana, ndinanama. Ndinati yaswa, ana asanu ndi mmodzi, onse akuda bii.

Nkhope yawo inawala. Anadzuka pamphasa movutika, n'kutambasula manja awo.

“Kanditengele kamwana kamodzi, mwana wanga, ndikagwileko.”

Ndinatuluka, n'kukaima kuseli kwa nkhokwe, manja ali lende. Ndinkawamva m'nyumbamo akuuza mkazi wanga kuti ayale thumba pansi, kamwanako kangazizidwe.