Kampango ka Pathumba la Phungu

Amalume anga anasoka zovala kwa zaka makumi atatu ndi zinayi m'kachipinda ka kuseri kwa sitolo ya nsapato. Munali makina opalasa ndi phazi, simbi yamakala, galasi long'aluka pakona, ndi katoni ya zidutswa za nsalu pansi pa tebulo. Ndiyenera kunena mosabisa kuti zidutswazo sizinali zawo. Mwa chilungamo, nsalu yotsala imabwerera kwa mwini wake, koma amalume ankaisunga ndi kukongoletsera zovala za makasitomala ena. Ankati nsalu yabwino siyenera kugona m'sutikesi.

Mmodzi mwa makasitomala awo anali mayi wochita zisudzo pa wailesi yakanema, amene anthu ankamutchula kuti Mayi Busa chifukwa ankasewera ngati mkazi wa abusa. Mayiyu anabweretsa nsalu yobiriwira ya madontho agolide, imene mwamuna wake, mphunzitsi, anamugulira kunja kwa dziko. Amalume anasoka diresi, ndipo kachidutswa kotsala anakaponya m'katoni.

Patapita milungu itatu, phungu wina anatumiza suti yake kuti ichepetsedwe. Pofuna kumusangalatsa, amalume anapinda kachidutswa kaja, nakasokerera pathumba la pachifuwa ngati kampango.

Tsoka linali lakuti phunguyo ndi Mayi Busa, amene anali asanaonanepo, anakumana pa mwambo wopereka mphoto kwa a zisudzo, ndipo phunguyo ndiye anapereka chikho kwa mayiyo. M'mawa mwake nyuzipepala inasindikiza chithunzi chawo, itazunguliza diresi ndi kampango ndi mizere yofiira.

Phungu anaseka, nati wandale sasowa adani, ndipo pa chisankho chotsatira anapambananso. Mphunzitsi uja sanaseke. Ankadziwa kuti nsalu yotero inalibe inzake m'tauni monse. Anabwera yekha kwa amalume, nyuzipepala ili m'khwapa.

"Bambo telala, kodi nsalu ya mkazi wanga inatsalako kuno?"

Pabenchi panali makasitomala awiri, makutu ali tcheru. Kuvomera kukanakhala kudzitcha wakuba nsalu pamaso pawo.

"Yotsala ndinabweza yonse, aphunzitsi," anatero amalume, maso ali pa singano.

Banja la mphunzitsiyo ndi Mayi Busa linatha mwezi womwewo. Akuluakulu a zisudzo anati munthu wa mbiri yotero sangasewerenso mkazi wa abusa, ndipo anamuchotsa. Amalume anaulula nkhaniyi kwa akazi awo okha.

"Pitani mukawauze anthu aja, bambo," ankatero akazi awowo.

"Ndipita mawa."

"Mawa lanulo lamera imvi. Mulipezere ndodo."

Zinatha zaka khumi ndi ziwiri. Tsiku lina masana mayi uja analowa, atavala yunifolomu ya ogulitsa m'sitolo ya mankhwala. Anatulutsa diresi yobiriwira ija m'jumbo, napempha kuti ichepetsedwe, mwana wake wamkazi akavale polandira digiri. Ine ndinalipo. Amalume anaimirira, navula chipewa, nafotokoza zonse, kuyambira pa katoni mpaka pa bodza lija.

Mayiyo anamvetsera osawadula mawu. Kenako anayang'ana pansi pa tebulo.

"Katoni yake ndi imeneyi?"

"Ndi yomweyo, mayi."

"Ine ndinkadziwa kuti sindinalakwe, bambo, ndiye kwa ine simunabweretse chachilendo. Amene anayenera kumva zimenezi tinamuika m'manda chaka chatha. Anapita akundiyesa wachiwerewere."

Amalume anafunsa ngati panali chimene akanachita.

"Sokani diresiyo basi. Mwana akufuna Lachisanu. Koma zotsala mundibwezere."

Anasoka, ndipo timizere tiwiri timene anadula m'mbali anatiika mu envulopu. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi zimene anasokabe, ankabweza chidutswa chilichonse, ngakhale chochepa ngati chikhadabo. Makasitomala ankawayamikira kuti telala wokhulupirika chotero kulibenso. Akamva mawu amenewa, amalume ankawerama ndi kupalasa makina mwamphamvu, ngakhale pamene pansi pa singano panalibe nsalu.