Mabowo Anayi a Kagalimoto ka Asibweni

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene amayi ananditumiza kuchokera ku Kapichila kukakhala kwa mlongo wawo, asibweni, pa boma la Lundazi. Kumeneko sukulu inali pafupi ndipo mabuku ankakwanira. Tsiku lofika, anti, mkazi wa asibweni, anandipatsa kope lakale kuti ndizilembamo ntchito za pakhomo. Masamba akumbuyo ndinawasandutsa anga, ndipo zimene ndikunenazi zidakalimo.

Asibweni anali mphunzitsi wa masamu. Mowa sankamwa, mpira sankaonera. Chawo chinali kagalimoto ka rimoti kamene anakagula ku Lusaka. Lamlungu akabwera kutchalitchi ankakathamangitsa pabwalo, nkhuku zikubalalika, anthu akusuzumira pampanda. Tsiku lina kanagunda mwala, chigoba chake chapulasitiki chapamwamba n'kung'ambika. Anaitanitsa china chofiira, chonyezimira, koma chopanda mabowo. Kagalimotoko kali ndi timizati tinayi timene timalowa m'mabowo a chigoba kuti chisagwe, ndipo mabowowo mwini wake amaboola yekha.

Anajambula malo a timizati papepala ndi lula, naika msomali pambaula, nandiitana kuti ndigwire chigoba. Ndinaona kuti timizati takutsogolo tinali toyandikana kuposa takumbuyo, koma pepalalo analigoneka mozondoka, kutsogolo kuli kumbuyo.

"Asibweni, pepala..." ndinayamba.

"Iwe gwila chabe. Masamu ni anga."

Kwathu mwana sawongola wamkulu kawiri. Msomali unalowa kanayi, fungo la pulasitiki wopserera likundiwawa m'mphuno. Atayesa kuveka chigobacho, palibe bowo limene linakumana ndi kamzati kake.

Anti anali pakhonde ndi mnzawo wa nyumba yoyandikana. Anaseka mpaka kugwirana mapewa. "Aphunzitsi a masamu," anti anatero, "mabowo anayi chabe akukanikani?"

"Ni uyu," asibweni anayankha osandiyang'ana. "Anasuntha pepala. Manja a khasu aya."

Kuseka kunatha. Anti anandigwaditsa pa miyala ya pabwalo, chigoba ndili nacho m'mwamba ndi manja awiri, kuti aliyense wodutsa aone ntchito yanga. Dzuwa linalowa m'mabowo muja n'kuika timadontho tinayi towala padiresi langa. Ndinkangotiyang'ana kuti ndisalire. Asibweni analowa m'nyumba n'kutsegula wailesi.

"Loweluka kuli galimoto yopita ku Kapichila," anti anatero pondidzutsa. "Chikapanda kukhala bwino ichi, ukwela. Ukaphunzile kumunda."

Lolemba nditaweruka ndinachikulunga chigobacho m'chitenje n'kupita nacho kumsika, kwa a Zimba, bambo osoka nsapato amene anandimatirapo patapata. "Monire adada," ndinawalonjera nditagwada. Anachitembenuza, nayeza mabowo ndi chala chachikulu.

"Waboola apa sananjenjemele, mwana wane. Mabowo ali pa mzele bwinobwino. Angozondoka. Ndiwe?"

Ndinayang'ana pansi. Sanafunsenso. Anandithirira guluu wa nsapato m'kabotolo n'kundiuza chochita, pang'onopang'ono, kawiri.

Ndinachita monga ananenera. Kunja kwa bowo lililonse ndinamatapo selotepi kuti guluu asatulukire. Mkati ndinapaka guluu, n'kugonekapo kachidutswa ka neti yakale ya udzudzu, n'kupakanso pamwamba. Ndinachibisa kuseri kwa matumba a chimanga masiku awiri kuti chiume, ndipo m'kalasi sindinkamva kanthu, maganizo ali kumatumba. Lachinayi ndinamatula selotepi, ndinapeza mabowo atsekeka, olimba ngati chikhadabo.

Pepala sindinalifune. Asibweni atachoka ndinatenga kagalimoto kaja. Ndinasakaniza mwaye ndi mafuta odzola, ndinapaka pansonga za timizati, kenako ndinatsitsa chigoba mosamala, matayala ali pakati pa malo awo. Nditachikweza, timadontho tinayi takuda tinali mkati mwake. Ndinaboola ndi nsonga ya sizasi, ndikupotokola pang'ono n'kuyesa, kupotokola n'kuyesa, mpaka zala zinatuluka matuza. Zigamba ndinaziphimba ndi timapepala tomata timene tinabwera ndi chigobacho.

Lachisanu madzulo ndinachipereka nditagwada. Asibweni anachiveka, timizati tonse tinayi tinatulukira nthawi imodzi. Anakayendetsa kagalimotoko kuzungulira mtengo wa mango, chigoba osagwedezeka. Anti anati, "Kansi mutu ulimo," ndipo mtima wanga unakhala pansi.

Anti atalowa kukhitchini, asibweni anatembenuza chigoba n'kuyang'ana zigamba za neti. Ankaoneka otopa, ndipo ndinawamvera chisoni. Ndinafuna kuwapepuza mtima.

"Musadandaule, asibweni," ndinatero motsitsa mawu. "Za pepala lija sindinauze munthu."

Anandiyang'ana kwa nthawi yoyamba sabata yonseyo. Ndinkaganiza kuti akundithokoza ndi maso. Tsiku limenelo ndinalemba m'kope langa kuti: Ndakonza. Nditsala.

Loweruka m'mawa ndinapeza chikwama changa pakhonde, chomangidwa kale. Anti ankasesa pamalo posesa kale.

"Ine n'nati utsale," anatero. "Asibweni ako ndiwo akuti nyumba yachepa."

Asibweni sanatuluke kudzatsazikana nane. Galimoto ikunyamuka ndinamva kulira kwa kagalimoto kaja kuseri kwa mpanda.

Ku Kapichila amayi anandifunsa chimene ndinalakwa. Ndinati ndinaononga chinthu cha asibweni, ndipo anandimenya ndi kamtengo kuti ndawachititsa manyazi kwa mlongo wawo. Ndinabwerera kusukulu yakale, yoyenda mtunda wautali, kumene buku limodzi tinkaliwerenga ambiri. Ndinakhoza mayeso opitira kusekondale pa ulendo wachiwiri. Tsopano ndili kusekondale, masamu ndimawakonda, ndipo ndikufuna kudzaphunzira zokonza makina.

Zaka zambiri ndinkakhulupirira kuti ndinathamangitsidwa chifukwa cha mabowo, ndipo ndinkadzifunsa ngati zigamba zanga zinali zoipa. Tsopano ndikudziwa kuti zinali zabwino. Chimene asibweni sakanatha kukhala nacho m'nyumba mwawo ndi mwana amene anaona pepala lija. Wolakwiridwa angathe kukhululuka, koma amene wakunamizira sakukhululukira ukamukumbutsa kuti ukudziwa. Tsamba lija la m'kope sindinaling'ambe. Pansi pa mawu akuti Nditsala ndinangowonjezapo awiri: kusukulu, eya.