Kabowo ka pa Mzati

Ntchito yowotcherera ndinaipeza njinga yanga ya kabaza itathyoka felemu pa Bangula. A Fombe, eni shopu yowotcherera, anaiyang'ana n'kupukusa mutu. "Iyi yafa, mphwanga. Bwera uzindigwirira zitsulo."

Ntchito yaikulu yoyamba inali shedi ya thonje ya a Tchale, wamalonda wouma manja. Mizati inali ya machubu, zitsulo zija za mphako m'kati. Ine ndinkadula ndi girayinda, kuimika ndi levulo, a Fombe n'kuwotcherera mbale yachitsulo kumutu ndi kutsinde. Machubuwo anali otchipa, ena msoko wake uli ndi mng'alu wopyapyala ngati tsitsi. Titawaonetsa a Tchale anati penti ibisa.

Mzati uliwonse a Fombe ankandibooletsa kabowo pamwamba ndi pansi. "Chubu chimafuna kupuma," ankatero. "Ukachitseka, tsiku la moto chimaphulika."

M'dzinja madzi osefukira analowa m'shedimo mpaka m'chiuno. Ataphwa, matope anauma m'mabowo apansi, madzi n'kutsalira m'mizati. Apamwamba mavu anamangamo n'kumaluma aganyu, ndiye a Tchale anamata onse ndi simenti. Ife sanatiuze.

Moto unabwera masana a mu Okutobala, kuchokera kutchire kumene anthu ankasaka mbewa. Tinathamangirako ndi ndowa, koma thonje likayaka ndowa n'chiyani? M'katimo munali a Zuze, mlonda, bambo wa ana aang'ono, akukoka mabelo kuti abwana asawanene kuti anangoonerera. Denga linali likadali chilili, moti iwo ankaona ngati nthawi ilipo.

Kenaka mzati wapakati unayamba kulira ngati ketulo. A Fombe anakweza maso, anaona simenti ija, n'kukuwa m'Chisena kuti ayi, a Zuze atuluke: "Nkhabe! Zuze, bulukani!"

Mzatiwo unang'ambika motsatira msoko, nthunzi n'kufwamphuka, ndipo unapinda ngati bango. Denga lonse linatsikira pomwepo. A Zuze tinawatulutsa moto utazilala, atamwalira kale. Mpaka lero ndikamva fungo la penti yopsa mtima umandiwawa, ndipo mkwiyo sunandithere.

Pano ndili ndi shopu yangayanga ku Nchalo. Chubu chong'aluka msoko ndimabweza, kaya mwini ntchito atukwane. Ndikamaliza kumanga ndimamugwira dzanja, kumuika chala pa kabowo, n'kumuuza za a Zuze. Ena amaseka, amati nanga mavu? Ndimawayankha kuti wolumidwa ndi mavu amatupa lero, mawa n'kupita kumunda.