Ndinkathawa Akamwini Anga ku Bolton

Maganizo ochoka anandifikira tsiku limene ndinagwira ntchito ku wodi ya ana popanda magolovesi, kenaka n'kukapeza eninyumba akweza lendi. Bambo a mwana wanga wamkazi Tadala anali atatisiya chaka chinacho, ndipo malipiro a unamwino ankatha mwezi usanafike pakati. Mnzanga amene tinaphunzira limodzi anali kale ku Mangalande, ndipo sankatopa kundiimbira. "Iwe Esinati, ukudikira chiyani? Kuno anamwino akuwasaka." Ndinati ndipite zaka zochepa, ndimange kanyumba kwathu ku Dedza, ndibwerere. Aliyense amatero ponyamuka.

Ndinafikira ku Bolton, m'tinyumba tija tomata khoma ndi khoma, tofanana mzere wonse moti sabata yoyamba ndinkayesa kiyi pa chitseko cha eni ake. Ife a ku Dedza timadzitama kuti kuzizira timakudziwa. Bodza limenelo linathera pa siteji ya basi. Koma chimene chinkandipweteka kwenikweni sichinali chisanu. Kunali kubwera kuchokera kuntchito, kutsegula chitseko, popanda wonena kuti mwaswera bwanji. Ndinkayatsa wailesi kuti m'nyumba mumveke munthu. Mauthenga a kumudzi ankabwera ndithu, oyamba ndi moni wautali n'kuthera pa feteleza, ndipo ndinkatumiza mosanyinyirika chifukwa amene ankandilerera Tadala anali achemwali anga aakulu. Mapepala atatheka ndinakamutenga mwanayo ali wamng'ono, akadali wolira akaona mzungu. M'nyumba tinakhala awiri, ine ndi iye, mpaka anakula.

Tadala ndi mwana wabwino, koma ndi mwana wa kumeneko. Chichewa amamva, kuyankha amayankha pa Chingerezi. Anaphunzira za mankhwala n'kupeza ntchito ku Newcastle, ndipo kumeneko ndi kumene anakumana ndi Martin, mnyamata wachizungu wokonza mapaipi otenthetsera m'nyumba. Ulendo woyamba kubwera naye anamutchula kuti mnzake. Mnyamata wamtali, wofatsa, anavula nsapato pakhomo osauzidwa, ndipo chakudya changa anadya mpaka kupempha china. Ndinamukonda tsiku lomwelo. Poti anali mnzake chabe, ndinkacheza naye, kumuseka akamalimbana ndi tsabola, kumufunsa za makolo ake.

Kenaka Tadala anandikhazika pansi n'kundionetsa mphete. Ndinalira ndi chimwemwe, ndinagwada n'kupemphera. Ndipo kuyambira tsiku limenelo Martin sanalinso mnzake wa mwana wanga. Anali akamwini anga, ine apongozi.

Kwathu kumene ndinakulira, apongozi aakazi ndi mkamwini sayang'anana m'maso. Sadyera pamodzi, sakhala pamphasa imodzi, akakumana panjira wina amapatukira kutchire. Si chidani ayi. Ndi ulemu waukulu kuposa wonse umene mayi angapereke kwa mwamuna wa mwana wake. Amayi anga anachita zimenezo, ndipo ine ndinati zambiri ndazitaya ku dziko la eni, koma ichi chokha sinditaya.

Tsono taganizani kuthawa munthu m'nyumba ya ku Bolton. Kakhonde kam'kati n'kopapatiza, masitepe ndi amodzi, khomo la kubafa lili pamaso pa aliyense. Tikakumana pamasitepe ndinkatembenukira kukhoma mpaka adutse. Akabwera kumapeto a sabata ndinkaphika zimene amakonda, kuyala patebulo, ine n'kukadyera kukhitchini chiimire. Akandipatsa moni ndinkayankha nkhope ili kumbali, mawu ali pansi. Iye m'malo mobwerera m'mbuyo ankasendera pafupi. Anabwera ndi maluwa, ndinauza Tadala kuti alandire. Anakonza geti, anakonza mpopi wodontha, ndipo zikomo wanga ndinkamunenera kuseri kwa chitseko. Pa Khirisimasi anatambasula manja kuti andikumbatire. Mayi ine, ndinathawira kubafa n'kudzitsekera.

Tadala anandifunsapo. "Amayi, Martin wakulakwirani chiyani?"

"Palibe."

"Nanga bwanji simukhala naye pansi?"

"Zimenezo safunsa," ndinatero, chifukwa kwathu nkhani za apongozi ndi akamwini mayi sakambirana ndi mwana wake, n'zamanyazi. Ndinkaganiza kuti akudziwa, magazi amuuza. Sindinaganizeko kuti mwana amene anachoka ku Dedza asanayambe sukulu sanaonepo apongozi akupatuka panjira.

Nthawi imeneyo n'kuti nditachoka kuchipatala n'kuyamba ntchito panyumba ina yosamalira okalamba. Kumeneko kunali gogo wina wachizungu, Mayi Doreen, amene kale anali mphunzitsi. Miyendo inali itawakana koma mutu unali wakuthwa, ndipo nkhani za eni ankazikonda kwabasi. Tsiku lina ndikuwayeza magazi anaona chithunzi cha Tadala pa foni yanga n'kundifunsa ngati mtsikanayo ali pa courting. Mawu amenewa ndinali nditangowaona m'mabuku a kusekondale, sindinawamvepo m'kamwa mwa achinyamata. Ndinawauza zimenezo, ndipo uphunzitsi unawadzukira.

"Mawu amenewa poyamba sanali a chikondi," anatero. "Anachokera ku bwalo la mfumu, limene ife timati court. Kalelo courtship anali makhalidwe a anthu okhala pabwalopo, kudziwa poima, kuwerama bwino, kuyankhula mokoma. Kenaka anayamba kutanthauza kudzikometsera kwa munthu wamkulu kuti akukomere mtima. Pambuyo pake ndi pamene anafika kwa mnyamata woyendera mtsikana kuti amukwatire. Masiku ano atsala m'kamwa mwa ife okalamba, ndi pa TV akamaonetsa mbalame zikuvinirana."

Ndinaseka, koma iwo anali asanamalize. Anati m'masiku awo mnyamata sankafunsira mtsikana yekha, ankafunsira nyumba yonse. Ankabwera Lamlungu masana atavala bwino, kukhala m'chipinda chochezera alendo, ndipo mayi a mtsikana ankamuthirira tiyi okha, kukhala moyang'anana naye, kumupenda kuyambira nsapato mpaka tsitsi. "Mwamuna wanga ankaopa kuti amukana," anatero. "Koma amayi anakhala naye mpaka tiyi kutha, ndipo anadziwa kuti walowa. Panali wina asanabwere iyeyo, amayi anangomupatsa moni n'kupita kukhitchini. Sanabwerenso."

Kena kake kanandibaya pamtima. Ndinaona maluwa aja, geti lija, mpopi uja. Koma ine ndine wamakani, ndipo zimenezo ndinatengera kwa amayi anga. Ndinadziuza kuti zimenezo n'za azungu, alibe manyazi, ife tili ndi zathu. Ndinalemba zoyeza zanga n'kupita chipinda china.

Sipanapite nthawi, Tadala anaimba. Mawu ake anali ozizira, a kuntchito. Anati iye ndi Martin asiya kubwera ku Bolton, chifukwa watopa kuona mwamuna wake akuyesetsa kwa munthu amene akunyansidwa naye. Anati ngati vuto ndi khungu ndikanangonena. Ukwati akalembetsa ku boma okha ndi anzawo, ine ndisavutike. Ndisanatsegule pakamwa anadula, ndipo pambuyo pake foni zanga sankayankha. Ndinakwiya, ndinalira, ndinakwiyanso. Ine wosankha khungu, ine amene ndinakalambira kutsuka azungu? Mwana mmodzi yekhayo, amene ndinachokera kwathu chifukwa cha iye, anali kukwatiwa ine kulibe. Ndinatenga tchuthi n'kukwera ndege, cholinga chokadandaula kwa abale kuti mwana watayika.

Kwathu ndinafika nthawi yokolola mtedza. Minibasi inanditsitsa pamsewu, njinga zakabaza n'kundifikitsa pamudzi. Kanyumba kanga kanali chiimire, muli mdzukulu wa achemwali ndi banja lake. Ndinayamba ndapita kumanda kwa amayi, kenaka ndinakakhala pakhonde pa achemwali. Chimene ndinaona pamenepo chinandidabwitsa. Achemwali anali pamkeka umodzi ndi mwamuna wa mwana wawo wotsiriza, akusenda mtedza m'lichero limodzi, mitu itagundana pa foni, akuseka kanema wina.

Mnyamatayo atachoka ndinawafunsa. "Achemwali, akamwini anu mukukhala nawo chonchi?"

"Nanga ndizikhala nawo bwanji? Zothamangira kutchire zija ena amachitabe, ife tinatopa nazo. Mawondo omwewa?"

Pamenepo ndinakhuthula zonse, za masitepe, za kukhitchini, za kubafa. Ndinkayembekeza kuti andimvera chisoni. Achemwali anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. Amene sanaseke anali amuna awo, alamu anga a Lufeyo, amene anali pampando chapatali akusoka thumba. Iwowa anabwera pamudzi pathu chikamwini ine ndili kamtsikana, ndipo anakhala ndi amayi athu mpaka kuwaika m'manda osawayang'anapo m'maso.

"Mlamu," anatero, "inu mwaiwala zambiri."

"Ndaiwala chiyani? Ndimachita zomwe ankakuchitirani amayi."

"Ankatero ndithu. Nditangofika pano, atandiona analowa m'munda wa chimanga. Mwambo ndinkaudziwa, koma kudziwa n'kwina, mtima n'kwina. Munthu uli mlendo, kwanu n'kutali, mwini mudzi akukuthawa tsiku ndi tsiku. Pena ndinkati kapena sandifuna. Amene anandikhazika pano ndinu."

"Ine?"

"Inuyo. Munkabwera kumunda ndi mbatata yootcha n'kumati, amayi akuti yaikuluyi ndi ya akamwini, wina asaikhudze. Munkandinena kuti ndili ndi miyendo ya chiwala, ine n'kumakuthamangitsani. Zonse zimene ankandiyamikira kukhitchini munkabwera kudzaulula. Panalinso agogo anu ondiseka, ankhoswe ondilangiza, atsibweni anu omwa nane thobwa. Amayi ankathawa ali phee mumtima chifukwa ankadziwa kuti atuma ena. Tsono inu kumeneko, pothawa paja, munatuma ndani?"

Mbatata ija ndinaikumbukira, ndi mmene inkandiotchera m'manja. Zaka zonsezi ndinkakumbukira amayi akupatuka panjira, koma ndinali nditaiwala amene ankathamanga kumbuyo kwawo kukafotokoza. Ndinachita manyazi, ndipo ndinamumvera chisoni mwana wa eni ake amene anakhala patebulo langa miyezi yonse ija, kudya zimene ndamuphikira, akumva supuni yanga ikulira kukhitchini.

Pamudzi pathu netiweki imagwira bwino pachulu cha kuseri kwa khola. M'mawa mwake linali Loweruka. Ndinakwera pamenepo n'kuimbira Tadala, sanayankhe. Nambala ya Martin ndinali nayo kuyambira kale koma ndinali ndisanaigwiritsepo ntchito, apongozi saimbira akamwini. Ndinadina ya kanema. Anayankha ali kukhitchini kwawo, nkhope yodabwa, ndipo maso anga anafuna kuthawira pansi mwachizolowezi. Ndinawakakamiza. Chingerezi chimene ndimayankhula tsiku lonse kuntchito chinabalalika, koma ndinatola chimene chinatsala. Ndinamuuza kuti kwathu mayi amathawa mwamuna amene wamuvomera, kuti ndinayamba kumuthawa tsiku limene ndinaona mphete, ndipo ndikanakhala kuti sindikumufuna ndikanakhala naye pansi n'kumuyang'ana ngati mlendo wamba.

Martin anapukuta kumaso ndi chikhatho n'kunena kuti, "Ndimaganiza kuti ndinakulakwirani. Ndakhala ndikufufuza kuti ndi liti." Kenaka anaitana Tadala, amene anali pomwepo akumva zonse.

Mwana wanga anabwera maso ali ofiira. "Amayi, bwanji simunangonena?"

"Apongozi sanena okha, mwanangu. Amanena ndi ena."

"Ena ake ati, amayi? M'nyumba muja tinalimo awiri basi."

Kumunsi pabwalo achemwali, alamu, adzukulu ndi akamwini awo anali atasiya mtedza, onse maso ali kuchulu, kudikira kuti amve zimene mwana wanena.

"Ukwati sitinalembetse," anatero Tadala. "Mukabwera mudzakhala nafe patebulo. Mukadzanyamukanso ndi mbale yanu kupita kukhitchini, ine ku Bolton sindidzapondanso."

Ndinati ndidzakhala.

Nditatsika, nkhani ndinangouza achemwali okha, koma dzuwa lisanapendeke mudzi wonse unali ukudziwa, ndipo atsibweni a Tadala anali atayamba kale kufunsa kuti mzunguyo amutumizire ndani ngati nkhoswe. Kwathu nkhani yaikulu munthu sanena yekha, alipo omunenera. Ine ndinabwerera ku Bolton ndikudziwa kuti kumeneko pakamwa ndi panga ndekha.