Zikopa za nkhuku ya a madamu

Mgodi utatsekedwa, atate anabwera kunyumba ndi chisoti chawo ndi jombo, n'kukhala pakhonde. Ku Chililalila kwathu khonde lililonse linali ndi bambo wake wongokhala. Ine ndinali nditangosiya sukulu. Amayi ananong'oneza mnzawo wa chigwirizano kutchalitchi, ndipo mlungu womwewo ndinapezeka pakhomo pa a Mwale kudera la Railways, ndikufunsidwa ngati ndimatha kupha nkhuku.

A Mwale ankagwira ntchito mu ofesi ya njanji, nawonso mtima uli m'mwamba chifukwa makampani ankagulitsidwa uku ndi uku. Akazi awo, amene ndinkawaitana kuti a madamu, anali atatha zaka zisanu pabanja opanda mwana. Tsiku loyamba anatseka chitseko cha kukhitchini n'kundiuza motsitsa mawu kuti, "Misozi, nkhuku ya muno uzichotsa chikopa ndi mafuta onse. Saladi, mafuta ophikira aja, supuni imodzi chabe. Ndipo usakambe kwa munthu."

Ndinakayikira pompo. Munthu wanzeru zake angataye chikopa, pomwe pagona kukoma konse? Ndinati awa ndi malamulo a kwa sing'anga basi. Ndinkasuzumira m'makabati kufunafuna timizu, ndipo chakudya chawo ndinkachinunkhiza kaye ndisanadye. Patatha mwezi a madamu anandionetsa pepala la kuchipatala. Adokotala anawapeza ndi timatuza m'thumba la mazira. Msambo unkabwera pomwe wafunira, thupi linkangonenepa, ndipo pachibwano pankamera tindevu tomwe ankazula m'mawa uliwonse. Adokotalawo anawauza kuti achepetse mafuta, shuga ndi nshima yoyera. Amuna awo ankadziwa, koma achibale a bwanawo ayi. "Akamva, adzamufunira mkazi wina ku Petauke," anatero.

Kuphika kwake ndinakuphunzira mpaka kulowa m'manja. Nkhuku ya kumudzi ndinkaisosola, kuidula nthulinthuli, kusenda chikopa ndi kampeni kakuthwa, n'kupala mafuta achikasu a kumimba ndi kumchira. Supuni ya saladi ija ikatentha mupoto wachitsulo, ndinkaika nthuli pang'onopang'ono kuti zifiire mbali zonse. Kenako anyezi, adyo, jinja wosinja, matimati atatu ndi kapu imodzi ya madzi. Ukavundikira, umaphula makala ena pambaula n'kuwaza phulusa pa otsalawo, chifukwa nkhuku yopanda chikopa ikapsa ndi moto waukali imauma ngati chiguduli. Imafuna kubwata mwakachetechete ola limodzi ndi theka. Pambali pake chibwabwa chambiri, masamba a maungu aja, nyemba, ndi kanshima ka mgaiwa kochepa ngati chibakera cha mwana.

Zikopa ndi mafuta aja ndinapempha kuti ndizitenga, ndipo a madamu analola. Kunyumba amayi ankazikazinga mpaka kuuma, mafuta ake n'kuphikira repu. Masiku amenewo nyama yathu inali yomweyo.

Ndiye kunabwera amayi awo a bwana kuchokera ku Petauke. Tsiku loyamba anavundukula mbale, n'kuwerenga nthuli ndi maso. Nthutumba ya mwana wawo inalipo, mapiko onse analipo. "Nanga nkhuku yamaliseche iyi yachokera kuti?" A madamu anangoti ndi maphikidwe a m'tauni. Kuyambira pamenepo agogo aja anaika mpando pakhomo la khitchini. Ndikatola mchere, maso ali pa ine. Ndikawerama kukupiza mbaula, khosi lawo latalika kale. Madzi akumwa ankatunga okha.

Loweruka, bwana atapita ku Ndola, agogo anandiimika pageti n'kulanda chikwama changa. Anatulutsa kapulasitiki kaja n'kukhuthulira zikopa pansi.

"Iwe mtsikana, izi upita nazo kuti?"

"Timadya kunyumba, agogo."

"Mwana wa kumgodi kudya zikopa? Inu odya soseji? Bodza! Upereka kwa sing'anga kuti amange mimba ya mpongozi wanga, ulowe m'nyumba ndiwe."

Anthu a nyumba zoyandikana anali atayamba kale kuyanika zovala zouma kuti amve bwino. Ndinayang'ana a madamu, amene anaima pakhonde. Mawu amodzi okha akanakwana, akuti ndinamuuza ndine. Pepala lija linali m'Baibulo lawo, ndipo ndinkadziwa ndi tsamba lomwe. Iwo maso anali pa zala za kumapazi. Agogo anawafunsa ngati ankadziwa za zikopazo, ndipo a madamu anapukusa mutu pang'ono, osadzutsa nkhope.

Mtima unandiwawa koopsa. Lilime linayabwa kuti ndiulule zonse, timatuza, tindevu, adokotala, anthu onse akumva. Koma ndinadziwa kuti ndikalankhula, ine nditsala pantchito, iwo apakira masutikesi. Ndinatola chikwama changa n'kutuluka. Zikopa ndinazisiya pansi pomwepo, agalu anadya.

Nkhani siigona. Pofika Lamlungu inali itandidutsa kale panjira. M'tchalitchi amayi ena anasuntha pabenchi, ndipo mnzawo wa amayi uja anasiya kutipatsa moni.

Patapita milungu iwiri, a madamu anatulukira kwathu ku Chililalila, nkhuku ili m'khwapa. Apongozi awo anali atabwerera kumudzi, koma analamula kuti wantchito asalowenso m'nyumbamo. Sanapepese ayi. Anangoti, "Nkhuku ikumandiumira. Ndiphunzitse."

Ndinkafuna kuwaponyera nkhukuyo kumaso. Amayi ananditsina pamkono, ndipo ndinakatenga mpeni. Ndinawaonetsa posendera, pochotsa mafuta, ndi mowazira phulusa pamakala, mawu anga ali owerengeka. Pochoka anasiya zikopa m'mbale. Atate anaziyang'ana, kenako anati, "Zikazingeni, njala ilibe mkwiyo."

Ngati a madamu anadzabereka sindidziwa, chifukwa anasamuka njanji itachepetsa antchito. Lero ndimaphikira anthu a shuga, a kuthamanga kwa magazi, ndi azimayi a vuto lomwe lija. Pakhomo lililonse latsopano ndimaitana onse a m'nyumba, apongozi akhale patsogolo, ndipo ndimasenda nkhuku iwo akuona, zikopa n'kuziika m'mbale patebulo. Mwini matenda ndimamuuziratu kuti chinsinsi cha thupi lake n'chake, koma cha mupoto sindisunga. Wokana zimenezo afune wophika wina.

Ena amati ndine wovuta. Anene. Iwo sanaonepo zomwe ndimaona ine pa zikwati za kutchalitchi kwathu mpaka pano: ndikagawa nkhuku, pali amayi awiri achikulire amene amakoka ana awo aakazi oyembekezera kuti akaime pamzere wina.