Ndinanyoza duwa la amake Loveness

Ntchito yanga ambiri mumaidziwa. Ndimagula nsomba kwa asodzi a ku Mphuka n'kugulitsa kwa amayi ochokera ku Lusaka. Zaka zonsezi banja langa ladya chifukwa cha pakamwa panga chabe, ndipo nzeru yanga yaikulu ndi imodzi: chimene ukuchifuna, chinyoze. Pende, nsomba yokoma ija, anenepe bwanji, iwe kwinya mphuno unene kuti wagona. Msodzi akaona kuti maso ako awala, mtengo wakwera kale.

Sabata ino nzeru imeneyi yawononga chinthu cha munthu wina.

Mnzanga Mumba anamwalira mwezi watha. Anali kalaliki wopuma, nyumba yake ili kuseri kwa msika kuno ku boma la Feira. Anasiya mkazi, amake Loveness. Awiriwa anakwatirana ali akuluakulu kale ndipo sanabereke mwana pamodzi; Loveness ndi mwana wa mayiyo wa banja loyamba. Maliro atatha, abale a mwamuna anagwirizana kuti mayiyo abwerere kwawo ku Mburuma mwezi ukatha, nyumba itengedwe ndi mng'ono wa malemu, a Benson, aikemo anthu a lendi.

Ndinawauza amake Loveness kuti lamulo loteteza amasiye lilipo. Anapukusa mutu.

"Ba Sakala, ine za khoti iyayi. Nakalamba. Atenge zonse. Ine nifuna chabe duwa langa."

Duwalo ndi lija loyanga limene linaphimba khonde lawo. Mumba anabwera nalo kuchokera ku Chipata m'kachitini ka mafuta ophikira, n'kutiuza kuti azungu amalitcha hanisako. Tonse tinamuseka. Kuno ku Feira, kumene mu Okutobala mbuzi zimamenyanirana mthunzi wa njinga, duwa la kumapiri lingakhale?

Linakhala, koma osati lokha. Analibzala kumbali yotulukira dzuwa kuti la masana lisalipeze. Patsinde anayala udzu wouma kuti mizu isapse. Madzi otsukira mpunga ndi ndiwo sankatayidwa pena, onse ankathiridwa pamenepo. Anatchinga ndi minga chifukwa cha mbuzi, n'kumanga waya mpaka kudenga kuti lipeze pokwera. Maluwa ake amatuluka oyera, pakapita masiku awiri asanduka achikasu, ndipo madzulo fungo lake limafika kumsewu. Miyezi yomaliza, miyendo itakana, Mumba ankakhala pamenepo tsiku lonse, mkazi wake akumusenderezera mpando kutsata mthunzi.

Duwa lakale chonchi sungalizule m'nyengo yotentha, limafa usanafike nalo pa basi. Amake Loveness anachita zimene mwamuna wawo anawaphunzitsa. Anaweramitsa nthambi zitatu mpaka pansi, n'kupala khungu pang'ono pa mfundo, n'kukwirira, n'kutsindika ndi mwala. Nthambi yotere imayamwabe kwa mayi wake uku ikumera mizu yakeyake. Mizu ikakhwima ndiye umadula n'kunyamula. Koma zimafuna nthawi, ndipo mwezi unali kutha.

"Imwe muli na pakamwa," anatero. "Mukanipemphereko kwa mulamu wanga masabata atatu chabe. Mizu ikagwira, nizapita nekha."

Ndinavomera monyada. Masabata atatu? Ine amene ndinatsitsapo mtengo wa bwato mwini wake akulira?

Lachiwiri ndinawapeza a Benson akuyeza mawindo ndi chingwe. Panjira ndinali nditakonza kale mmene ndiyendetsere nkhani. Ndinati munthuyu akadziwa kuti mlamu wake mtima uli pa duwa, aumitsa khosi. Ndiyambe ndalinyoza, lioneke ngati katundu wolemetsa, kenako ndimupatse mayiyo ngati wantchito waulere wolichotsa.

"Ba Benson," ndinatero, "nyumba ni yabwino, koma chitchire ichi chikudyerani malata. Onani, chalowa na m'denga. Njoka zimakonda malo otere. Munthu ali na ana ang'ono sangavomere lendi pano."

Anayang'ana m'mwamba nthawi yaitali.

"Mwanithandiza, ba Sakala. Sininaganizeko."

"Ndiye musiyeni mayi uja akhaleko masabata atatu, akuchotsereni pang'onopang'ono. Simuzalipira munthu."

"Masabata atatu? Nchito ya ola limodzi?"

Apa ndinatulutsa chida changa chomaliza, chija chimagwetsa asodzi. Ndinakweza mapewa, ndinati basi zili kwa inu, n'kuyamba kuchoka. Kudooko, ukayenda mapazi khumi amakuitana. Ndinayenda khumi. Ndinayenda makumi awiri. Pa mtengo wa mango ndinawerama ngati ndikumanga nsapato, chonsecho ndavala patapata. Palibe anandiitana. Ndinapita kunyumba ndikudziuza kuti nkhani yapsa, mawa ndikangopakula.

Lachitatu m'mawa amake Loveness ali kuchigayo, a Benson anabwereka chikwanje.

Ndinafika dzuwa litakwera. Khonde linali lamaliseche, waya ali lendelende. Duwa lonse linali mulu kuseri kwa chimbudzi, mbuzi zitatu zili pamwamba. Amake Loveness anali atagwada, thumba la ufa lili pambali, akufukula ndi zala pansi pa miyala ija. Sankalira. Nthambi yoyamba inalibe kanthu. Yachiwiri chimodzimodzi. Yachitatu inali ndi timizu toyera, tatifupi ngati mpunga.

A Benson anandikokera pambali. "Nanga mulamu afuna chani mu dothi?"

Pamenepo ndiye ndinanena zoona, zimene zikanatenga mphindi imodzi dzulo lake. Munthuyo anakhala pa sitepe, chikwanje chili pakati pa miyendo.

"Si ndimwe munakamba za njoka? Mukananiuza chabe. Akulu anga anali kukhala apa."

Owerenga anzanga, zikanandipepukira a Benson akanakhala munthu woipa. Ndikanalemba za abale olanda chuma cha amasiye, inu n'kugwedeza mitu, ine n'kutuluka woyera. Zoti mayi wachikulire achoke m'nyumba imene anadwazikiramo mwamuna wake n'zolakwika, ndipo pamenepo sindisintha mawu. Koma duwa lija silinadulidwe ndi umbombo. Linadulidwa ndi munthu amene anakhulupirira mawu anga. Tsiku lomwelo anauza mlamu wake kuti akhale masabata atatu aja, ngakhale mwezi. Mayiyo anathokoza n'kukana. Akhalirenji?

Chiyambire Lachitatu ndakhala ndikumvetsera mmene timalankhulira, ndipo ndapeza kuti si ine ndekha. Tikapita kukakamba za ukwati, timayamba n'kuchepetsa mtsikana amene mwana wathu sagona naye tulo: sukulu sanamalize, kuphika sitikudziwa. Mwana akakhoza mayeso, bambo amati wachita mwayi. Mwamuna amene sangapeze ngakhale malaya ake popanda mkazi wake, pa anzake amamutcha "chinkhalamba changa chija". Timati n'kuchenjera. Timaopa kuti munthu akadziwa chimene timakonda, watigwira pakhosi.

Kumsika n'zoona, ndipo Loweruka ndikakwinyanso mphuno pa pende wabwinobwino, ana adye. Koma msodzi amadziwa kuti ndikunama. Iyenso amanama kuti wakoka ukonde usiku wonse. Tonse timaseka, nsomba n'kugulidwa. Vuto limabwera tikanyamula chilankhulo chimenechi n'kulowa nacho m'nyumba, kumene anthu amamva mawu monga tawanenera. Mtsikana uja amamva. Mwana uja amamva. Ena amafika nazo kumanda akudziwa kuti anali chitchire chodya malata.

Kodi kunena kuti "mayiyu amalikonda duwa ili, chonde muchitireni chifundo" kukananditsitsa pati? Ndikanaoneka wopempha, basi. Ine Sakala sindinazolowere kuoneka wopempha. Ndinasankha kuoneka wochenjera, ndipo amene analipira si ine.

Amake Loveness anakwera kanta, kalole kopita ku Mburuma, Lachisanu. Kanthambi kaja anakabzala m'chitini, n'kuphimba ndi chitenje chonyowa, n'kukafungata pamiyendo pakati pa matumba a feteleza. Ngati kadzaphuka sindikudziwa. Timizu tija n'tatifupi kwambiri, njira ndi yafumbi, ndipo mvula idakali kutali.

Ndinaima pambali pa galimoto n'kuyamba kupepesa. Mawu anachuluka monga mwa masiku onse. Ndinafotokoza za msika, za mmene ndinaganizira, za mmene zimayendera bwino nthawi zina. Anandilola mpaka ndinatopa.

"Ba Sakala," anatero, akukonza chitenje pa chitini, "ine sininakutumeni kukagula. Ninakutumani kukapempha."

Dalaivala analiza injini, kanta n'kunyamuka.

Nanga inu, m'nyumba mwanumo ndani amene mwakhala mukumutsitsa mtengo, mukuganiza kuti akudziwa kuti n'zocheza?