Amalume Anaona Kuwala Kosaoneka

Tandiyankhani: ndi amapasa ati amene akangokumbatirana onse amatha, n'kutsala kuwala kokhakokha? Musakande mutu, nanenso ndinachita kuuzidwa. Akuti ndi tinthu tochepetsetsa, elekitironi ndi pozitironi, ndipo kuwalako amati gama.

Anandiuza ndi mwana wa malemu mchemwali wanga, amene timamutcha Sakhazikika poti mpando umamuwotcha. Makolo atamwalira, mayeso nawo anamugwetsa chagada. Amalume ake, achimwene anga, anamutulutsira mabuku panja, amvekere mutu ngati umenewo ndi wosenzera madzi basi.

Mtsikana anayamba kugulitsa nsapato zakale m'mbali mwa msewu, buku lili pamwendo. Ena ankapita ndi nsapato zakumanzere zokhazokha, mwini maso ali pasamu. Analembanso mayeso, n'kukhoza, mpaka kuyunivesite.

Kumeneko akatswiri a zakuthambo anamutenga mongomuyesa. Makina awo ozungulira kumwamba amakola kuwala kuja kuchokera pakati pa mlalang'amba wathu. Funso linali lakuti, kodi kumakwera n'kutsika, kapena ndi makina akunama?

Sakhazikika ataona manambala akudumpha, anathamangira kwa abwana nsapato ili m'manja, eti wapeza. Koma anali makina akunama. Anamuchenjeza kuti akadzathamanganso chabe, abwerere kumsewu.

Manambala aja anadumphanso. Miyendo inkamuyabwa, zikhadabo anatha n'kudya, ankafika pakhomo pa abwana n'kubwerera. Koma anaugwira mtima, n'kufufuzabe mpaka anagwira pamene makinawo ankanamira. Anakanena yekha kuti kusintha kwa kuwala sanakupeze, wapeza bodza la makina.

“Wodziwa kudzikayikira ndiye tikumufuna,” anatero abwana. Ntchito inakhala yake, kusinthako akukusakabe.

Ndiye inu amene mwagwa, osataya mtima. Dzukani, sansani fumbi, okuomberani m'manja adzabwera okha.

Amalume nawo anabweradi kuphwando lokondwerera ntchitoyo, atavala jekete. Dzuwa litangolowa anaimika anthu pabwalo, akuti mwanayu anamuphunzitsa ndi iwo, ndipo kuwalako amakuona tsiku lililonse ali pakhonde.

“Si uko! Kukuyaka, kukuzima!”

Sakhazikika anagwada mwaulemu. “Amalume, gama saoneka ndi maso. Iyo ndi nyali ya pansanja ya mafoni.”

Anthu anagwa nacho chiphwete. Akazi a amalumewo, akupukuta misozi, anati, “Ndiye ine mwakhala mukundiimika panja kuti ndiziombera m'manja nsanja?”